Kodi chipolopolo chingamuulutse munthu? Mmene mungawerengere ndi kuyesa nokha

Mnyamata wina wa Fomu 3 amene ndimamuphunzitsa fizikisi anandifunsa tsiku lina kuti, "Aphunzitsi, kodi munthu akawomberedwa amauluka mamita angati?" Anali atachokera ku vidiyo sho ku Ndirande, kumene anaonera munthu atawomberedwa pachifuwa n'kuuluka chagada mpaka kukaswa windo. Funso lomweli ndalimvanso kwa achinyamata amene akuphunzira kupanga makatuni ndi magemu apakompyuta mumzinda muno, komanso kwa azisudzo ofuna kudziwa kagwedwe koyenera pa siteji. Yankho lake lili m'masamu amene aliyense wa kusekondale angawakwanitse, ndipo ndikufuna muwachite ndi dzanja lanu. Palibe pamene pakufunika mfuti m'malangizo ano. Mufunika pepala, kakyuleta, legeni, dongo, chingwe ndi foni yojambula.

Yambani ndi manambala atatu

Lembani kulemera kwa chipolopolo, liwiro lake, ndi kulemera kwa thupi limene chikulimenya. Chipolopolo cha 9 mm, cha mfuti yaing'ono ya m'manja, chimalemera pafupifupi magalamu 8 ndipo chimatuluka pa liwiro la mamita pafupifupi 360 pa sekondi. Cha AK-47 chimalemeranso pafupifupi magalamu 8, koma chimathamanga kuwirikiza kawiri, mamita 715 pa sekondi. Thupi titenge la makilogalamu 70, ngati thumba la chimanga la makilogalamu 50 mutasanjikapo ndowa ya madzi ya malita 20.

Musanapite patsogolo sinthani magalamu 8 aja akhale makilogalamu 0.008. Ophunzira ambiri amagwera pomwepa. Mukaiwala, yankho limakula ka 1,000, ndipo munthu wanu wa papepala aulukadi ngati wa mu filimu uja.

Werengerani momentum

Momentum ndi kulemera kwa chinthu kuchulukitsa ndi liwiro lake. Kuchokera m'malamulo amene Isaac Newton anafalitsa mu 1687, tikudziwa kuti zinthu ziwiri zikagundana, momentum yonse imene inalipo zisanagundane ndi yomweyo imene imakhalapo zitagundana. Siichepa, siiwonjezeka, imangogawidwa.

Ya chipolopolo cha 9 mm ndi 0.008 × 360, imene ndi 2.9. Ya cha AK-47 ndi 0.008 × 715, imene ndi 5.7. Tsopano tiyerekeze kuti chipolopolocho chakanirira m'thupi osatuluka, kutanthauza kuti momentum yake yonse yapita kwa munthuyo. Gawani ndi 70. Mupeza kuti cha 9 mm chimalipatsa thupi liwiro la masentimita 4 pa sekondi, ndipo cha AK-47 masentimita 8 pa sekondi. Munthu woyenda bwinobwino mu Victoria Avenue amayenda pafupifupi masentimita 140 pa sekondi.

Kuti manambalawa amveke m'thupi, pitani nawo ku Kamuzu Stadium tsiku la Maule ndi Manoma. Mpira wovomerezeka umalemera magalamu 410 mpaka 450. Penate yomenyedwa mwamphamvu, tinene mamita 25 pa sekondi, ili ndi momentum ya 0.43 × 25, pafupifupi 11. Goloboyi akaugwira mpira umenewo pachifuwa amalandira chikankho choposa cha chipolopolo cha AK-47 pafupifupi kawiri, koma amadzuka n'kuuponya kutsogolo masewero n'kupitirira.

Palinso umboni wina wosafuna kakyuleta. Lamulo lachitatu la Newton limati chikakankha china, nacho chimakankhidwa mofanana. Momentum imene chipolopolo chimanyamula, mfuti imalandiranso yomweyo chobwerera m'mbuyo, ndiponso yoonjezera pang'ono chifukwa cha mpweya wotentha umene umatuluka pamodzi ndi chipolopolo. Chikanakhala kuti chingamunyamule munthu wowomberedwa, chikanamunyamulanso wowombera.

Siyanitsani momentum ndi energy

Apa ndi pamene mkangano umabuka m'kalasi, ndipo ndi bwino kuti ubuke. Wina amati, "Ngati mpira uli ndi chikankho chochuluka, bwanji supha?" Chifukwa chimene chimaboola ndi kung'amba ndi energy, osati momentum. Energy ndi theka la kulemera kuchulukitsa ndi liwiro kawiri, ndiye kuti ½ × m × v × v. Popeza liwiro likulowa kawiri, kanthu kakang'ono kothamanga kwambiri kamakhala ndi energy yaikulu zedi. Energy imayezedwa m'majoule. Mpira uja uli ndi majoule pafupifupi 134, ofalikira pachifuwa chonse. Chipolopolo cha 9 mm chili ndi pafupifupi 520, cha AK-47 pafupifupi 2,000, onse olunjika pamalo ochepa kuposa nsonga ya chala.

Tsopano werengerani energy imene thupi lonse latenga poyamba kuyenda: ½ × 70 × 0.08 × 0.08. Mupeza majoule 0.2. Pa majoule 2,000, osakwana ngakhale imodzi ndiwo agwira ntchito yosuntha munthuyo. Otsala onsewo athera m'kung'amba mnofu, kuphwanya mafupa, kupinda chipolopolo chenichenicho ndi kutentha. Ndimafuna ophunzira anga akhale chete pang'ono akafika pa nambala imeneyi, chifukwa ikufotokoza zimene madokotala a ku Queen Elizabeth amakumana nazo munthu wowomberedwa akafika: kunja bala laling'ono, mkati mwawonongeka kwambiri. Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri m'magemu a achinyamata athu ndi kutenga majoule 2,000 onsewo n'kuwasandutsa liwiro la thupi. Mukatero munthu wanu achoka pa mamita 7.5 pa sekondi, ngati wothamanga mpikisano. Yankho limenelo ndi lolakwika pafupifupi ka 100.

Konzani masamu ngati chipolopolo chatuluka

Chipolopolo chikadutsa n'kutulukira mbali ina, chimapita ndi gawo la momentum yake. Thupi limangotsala ndi kusiyana kwake: kulemera kwa chipolopolo kuchulukitsa ndi liwiro lolowera mutachotsapo lotulukira. Mwachitsanzo, chikalowa pa 715 n'kutuluka pa 400, thupi lalandira 0.008 × 315, imene ndi 2.5 yokha. Choncho mfuti yamphamvu kwambiri imatha kukankha thupi mochepera kuposa yaing'ono imene chipolopolo chake chakanirira.

Kumbukiraninso kuti thupi si thumba limodzi. Chiwalo chimene chamenyedwa ndicho chimayamba kusuntha, zinazo n'kuchikoka pambuyo. Mutu umalemera pafupifupi makilogalamu 5, ndiye 2.9 kugawa ndi 5 ikupereka masentimita 58 pa sekondi, kugwedezeka kooneka ndi maso koma kumene khosi limakuletsa msanga. Dzanja nalo lingagwedezeke chimodzimodzi.

Yesani ndi legeni

Njira imene tigwiritse ntchito ndi yakale. Benjamin Robins wa ku England anaifotokoza mu 1742 pofuna kuyeza liwiro la zipolopolo pa nthawi imene kunalibe makamera: anawombera chinthu cholemera chopachikidwa, n'kuyeza mmene chatengekera. Ife tichita ndi mwala.

Dulani chigubu cha malita 2 pakati, mutenge mbali ya kumatako, muikemo dongo lofewa lokandidwa bwino. Dongo louma limabweza mwala, ndipo mwala ukabwerera masamu asintha. Pimani chigubu ndi dongo lake pa sikelo ya m'khitchini kapena ya mu labu ya kusukulu mpaka zikwane magalamu 490. Pezani mwala wosalala wa magalamu 10, kuti zonse pamodzi zikhale 500. Chigonekeni chigubucho cham'mbali, kukamwa kuloze kwa woponya, n'kuchipachika ku nthambi ya mtengo kapena ku phaso ndi zingwe zinayi, ziwiri kutsogolo ziwiri kumbuyo, chilichonse chotalika mita imodzi. Chingwe chimodzi sichikwana: chigubu chimangozungulira ndipo simuyeza kanthu. Pansi pake goneketsani rula. Ikani foni cham'mbali, yokhazikika pa njerwa, ijambule pa slow motion. Mafoni ambiri amajambula zithunzi 120 kapena 240 pa sekondi.

Chitani zimenezi panja, kumbuyo kwa chigubu kukhale khoma, ana onse aime kumbuyo kwa woponya, ndipo woponyayo avale magalasi oteteza maso, chifukwa mwala ukaphonya umabwerera kuchokera kukhoma. Imani pafupi, mita imodzi kapena awiri, muponye molunjika pakati pa dongo.

Mu vidiyo yang'anani mtunda umene chigubu chatengeka chopingasa chisanayambe kubwerera. Tinene masentimita 20. Kuti mudziwe mmene chakwerera m'mwamba, chulukitsani mtundawo ndi iwo womwe n'kugawa ndi 2 × kutalika kwa chingwe: 0.2 × 0.2 kugawa ndi 2, yankho mamita 0.02. Liwiro limene chigubu chinayamba nalo ndi square root ya 2 × 9.8 × 0.02, imene ndi mamita 0.63 pa sekondi (9.8 ndi nambala ya kukoka kwa dziko). Momentum ya chigubu ndi mwala pamodzi ndi 0.5 × 0.63, ndipo yonseyo inabwera ndi mwala. Gawani ndi 0.01, mupeza kuti mwala unali pa mamita 31 pa sekondi. Mwayeza liwiro la chinthu chimene diso silingachitsate, ndi rula ya kusukulu.

Malizani ndi energy. Mwala unali ndi majoule pafupifupi 4.9, chigubu chatenga 0.1. Ena onse alowa m'dzenje limene mwala wakumba m'dongo. Lowetsani chala m'dzenjemo, muone kumene energy yapita. Bwerezani kasanu, mutenge avareji.

Pezani mbali imene thupi ligwere

Gawo ili ndi limene ndimalikonda kuposa onse, chifukwa limagwetsa chikhulupiriro chimene anthu ambiri ali nacho, chakuti wowomberedwa kutsogolo amagwa chagada.

Tengani munthu ngati mtengo woongoka wotalika mamita 1.7, wolemera makilogalamu 70, umene ungapendeke kuchokera pa akakolo. Kukana kwake kuzungulira kumawerengedwa ngati kulemera kuchulukitsa ndi kutalika kawiri n'kugawa ndi 3, ndiye 70 × 1.7 × 1.7 kugawa ndi 3, pafupifupi 67. Chipolopolo cha AK-47 chikamenya pachifuwa, mamita 1.3 kuchokera pansi, n'kukanirira, chikankho chozunguliritsa ndi 5.7 × 1.3, chimene ndi 7.4. Gawani ndi 67, mupeza 0.11 radian pa sekondi, pafupifupi madigiri 6 pa sekondi.

Tsegulani Excel kapena LibreOffice. Kolamu A ikhale nthawi, B kupendekeka m'ma radian (radian imodzi ndi pafupifupi madigiri 57), C liwiro lozungulira. Mu mzere wachiwiri lembani 0, 0 ndi 0.11. Mu mzere wachitatu, A ikhale A2+0.01, C ikhale C2+8.65*SIN(B2)*0.01, ndipo B ikhale B2+C3*0.01. Nambala ya 8.65 ikuchokera ku 3 × 9.8 kugawa ndi 2 × 1.7, ndipo ndi mmene dziko likukokera mtengo wopendekeka. Kokerani mzerewo pansi mpaka mizere 300. Fufuzani pamene B yafika 1.57, ndiye kuti madigiri 90, pamene munthu wagona pansi. Mupeza kuti zatenga pafupifupi sekondi imodzi ndi theka, ndipo theka loyamba la sekondi munthuyo sakuoneka n'komwe kuti akugwa. Chimene chamugwetsa ndi kukoka kwa dziko. Chipolopolo changosankha mbali.

Tsopano sinthani B2 ikhale -0.05, kutanthauza kuti munthuyo anali atapendekera kutsogolo madigiri pafupifupi 3, kochepa kwambiri moti simungakuone ndi maso. Yang'anani kolamu B. Iyamba kukwera pang'ono, kenako itsika n'kumapita ku manambala a minus. Munthuyo wagwa chafufumimba, kulunjika kwa amene wamuwombera. Seweretsani nambalayo mupeze malire ake: ali pafupifupi pa madigiri 2. Kaimidwe ka munthu pa mphindi imeneyo kakuposa chipolopolo mphamvu. Ngati anali kuthamanga ndiye osanena: munthu wa makilogalamu 70 wothamanga mamita 5 pa sekondi ali ndi momentum ya 350, kuposa ya chipolopolo ka 60, ndipo adzagwera komwe amalowera, kaya chipolopolo chachokera kuti.

Madigiri 2 amenewo akufanana ndi kusuntha pakati pa thupi masentimita 3 okha. Phazi la munthu wamkulu ndi lalitali pafupifupi masentimita 25. Munthu amene miyendo yake ikugwirabe ntchito amabweza kusuntha kotero ndi akakolo, ngati mmene timachitira tikaima mu minibasi ikamanyamuka.

Onjezani zimene thupi lenilenilo limachita

Ndiye n'chiyani chimamugwetsa? Ubongo, mitsempha ndi magazi. Ngati mukufuna kuti katuni yanu kapena sewero lanu likhale loona, sankhani chimodzi mwa zitatu izi musanayambe kujambula.

Ubongo kapena msana wakumtunda ukawonongeka, minofu imene imagwira mawondo ndi chiuno imaleka kulandira uthenga, ndipo munthu amangofwamphuka pomwe waimapo ngati thumba lopanda kanthu. Pakati pa thupi la munthu woima pali pafupifupi mamita 0.95 kuchokera pansi. Chinthu chogwa kuchokera pamenepo chimatenga square root ya 2 × 0.95 kugawa ndi 9.8, masekondi 0.44. Thupi limachedwerapo pang'ono chifukwa mawondo ndi chiuno zimapindika motsatana. Pa nthawi imeneyo liwiro lija la masentimita 8 pa sekondi lamusuntha masentimita osakwana 4. Fupa la mwendo kapena la chiuno likathyoka, amagwera mbali imene yasowa mzati. Koma ngati ubongo ndi mafupa zili bwino, munthu amatha kuyenda, kuthamanga ndi kulankhula mpaka magazi atachepa ku ubongo. Ngakhale mtima utaleka kupopa, ubongo umakhala ndi mpweya wokwanira masekondi angapo.

Pamwamba pa izi pali kudzidzimuka. Munthu akamva kulira kwa mfuti kapena ululu amanjenjemera, kuwerama, kutembenuka kapena kudzigwetsa, ndipo kusuntha kumeneku ndi kwa minofu yake, kumene kuli ndi mphamvu zoposa za chipolopolo kutalitali. Kumayamba patapita kanthawi, gawo limodzi mwa magawo khumi kapena asanu a sekondi, pamene chipolopolo chimamaliza ntchito yake m'magawo awiri mwa 1,000 a sekondi. Mukajambula, siyani kampata pakati pa ziwirizi.

Nkhani imeneyi inazunguza mitu ya akatswiri enieni. Pulezidenti John F. Kennedy ataphedwa ku Dallas pa 22 November 1963, vidiyo imene inajambulidwa pa zithunzi pafupifupi 18 pa sekondi inaonetsa mutu wake ukubwerera m'mbuyo, ndipo ambiri anati ndiye kuti chipolopolo chinachokera kutsogolo. Luis Alvarez, amene analandira mphoto ya Nobel ya fizikisi mu 1968, anafalitsa mu 1976 zoyesa zake pa mavwende okulungidwa tepi, zoonetsa kuti chinthu chikhoza kubwerera kumene chipolopolo chachokera ngati zamkati mwake zathovokera kutsogolo ndi momentum yoposa imene chipolopolo chasiya. Ena anafotokoza kusunthako ndi kukokana kwa minofu. Phunziro la ife ndi lakuti powerengera muziphatikiza chilichonse chimene chachoka m'thupi, osati chipolopolo chokha. N'chifukwa chakenso kumene chipolopolo chinachokera kumadziwika poyeza mabala, osati poona mbali imene munthu anagwera. Mboni yonena kuti munthu anagwera kutsogolo atawomberedwa kutsogolo siyikunama chifukwa cha mawu amenewo, ndipo zimandipweteka kuganiza kuti ikhoza kukayikiridwa ndi anthu amene fizikisi yawo anaiphunzira ku vidiyo sho.

Lowetsani zonsezi mu kompyuta

Pa mapulogalamu opangira makatuni ndi magemu, Blender ndi Godot ndi zaulere, ndipo Unity nayo achinyamata ambiri amaigwiritsa ntchito. Pangani thupi la zidutswa zolumikizana, limene opanga magemu amalitcha ragdoll. Gawani makilogalamu 70 moyenera: mutu pafupifupi 5, dzanja lililonse 3.5, mwendo uliwonse 11, otsalawo pachifuwa, pamimba ndi m'chiuno. Ikani malire pa mfundo iliyonse kuti bondo lisapindikire kutsogolo ndipo khosi lisazungulire ngati la kadzidzi.

Musapange chipolopolo ngati kampira kouluka. Unity imawerengera fizikisi pa masekondi 0.02 alionse ngati simunasinthe, ndipo pa nthawi imeneyo chipolopolo cha mamita 715 pa sekondi chayenda mamita 14. Chidzadumpha thupi lonse kompyuta osaona kuti zagundana. M'malo mwake gwiritsani raycast, mzere wolunjika wochokera ku mfuti, kuti mupeze chiwalo ndi malo amene amenyedwa, kenako perekani chikankho kamodzi pamalo pomwepo. Mu Unity ndi AddForceAtPosition pamodzi ndi ForceMode.Impulse, ndipo nambala yake ndi momentum ija, 2.9 kapena 5.7, kapena yochepera ngati chipolopolo chatuluka. Perekani ku chiwalo chimodzi chokha. Mukapereka ku zidutswa zonse, tinene khumi ndi ziwiri, mwamuwombera kakhumi ndi kawiri.

Pa mphindi imene mukusintha kuchoka ku katuni yoyenda kupita ku ragdoll, onetsetsani kuti chidutswa chilichonse chasunga liwiro limene chinali nalo. Mukaiwala, munthu wothamanga adzaima chilili m'malere n'kugwa ngati mwala, ndipo momentum ija ya 350 yatayika popanda chifukwa. Pambuyo pake masulani mfundo malinga ndi chimene munasankha pa zitatu zija: zonse nthawi imodzi, mwendo umodzi wokha, kapena pang'onopang'ono patapita masekondi.

Poyesa ngati zakhala bwino, pemphani mnzanu aime pa matiresi, amasule mawondo n'kudzigwetsa mosamala, inu mumujambule cham'mbali ndi rula yaitali kapena ndodo yoyezedwa ili poonekera. Lowetsani vidiyoyo mu Tracker, pulogalamu yaulere imene aphunzitsi a fizikisi amagwiritsa ntchito, mulembe pamene pali chiuno chake pa chithunzi chilichonse. Chitani chimodzimodzi ndi vidiyo ya ragdoll yanu, muyerekeze magirafu awiriwo. Ngati chiuno cha ragdoll chafika pansi pasanathe masekondi 0.4, mwina thupilo mwalipanga lalifupi kuposa mamita 1.7, kapena 9.8 uja wasinthika penapake. Ngati chatera kutali kuposa masentimita ochepa kuchokera pamene mapazi anali, munthuyo ali chiimire powomberedwa, bwererani mukayang'ane ngati magalamu 8 aja munawalemba 0.008.